Kutseka m'mphepete mwa denga ku gebulo mvula ya Novembala isanafike

Denga silisasuka kuyambira pakati. Mphepo yamkuntho ikabwera imayamba yafufuza m'mphepete, makamaka mbali yotsetsereka ija imene malata amathera pamwamba pa khoma la nsonga, limene amisiri amati gebulo. Ikapeza lata limodzi lotukuka pang'ono imalowa pansi pake n'kulikankhira m'mwamba, kwinaku mphepo yodutsa pamwamba ikulikokanso. Zili ngati kutsegula chitini cha penti: munthu sakanikiza pakati pa chivundikiro, amatokosa m'mphepete. Lata loyamba likachoka, lachiwiri limatsala pamtetete, ndipo enawo amangotsatira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuno ku Harare mbali imeneyi ndi imene timaisiya mpaka kumapeto, ndalama zitatha. Ambiri amaona thabwa la m'mphepete lija, limene m'masitolo amati barge board, ngati chokongoletsera nyumba, choti n'kudikira chaka chamawa. Mukayenda ku Hopley, ku Epworth kapena ku Caledonia muona nyumba zabwinobwino matabwa a denga atangotuluka kunja kwa khoma opanda chophimba, pamwamba pa malata atasanjapo miyala, njerwa ndi matayala. Ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, kumene makolo athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezako nyumba za khonsolo, vuto ndi la ukalamba: simenti imene inamatidwa pakati pa khoma ndi malata a asibesito inang'aluka kalekale. Pamenepo mphepo imapeza pogwira, mvula yowomba cham'mbali imalowa pamutu pa khoma n'kuwoletsa matabwa, ndipo mpheta, mileme ndi makoswe zimapeza khomo.

Mvula ya kuno imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, ndipo yambiri imabwera ndi mabingu ndi mphepo ya mwadzidzidzi. Choncho ntchitoyi ndi ya pakati pa Meyi ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Mu Ogasiti mphepo imakula masana, ndiye kwerani m'mamawa. Mu Okutobala malata amaotcha manja dzuwa likangokwera, komanso chizimalupsa chikhoza kukupezani denga lili lotsegula.

Yambani ndi maso, musanagule kanthu

Imani chapatali moyang'anizana ndi gebulo. Mzere wochokera pansonga kutsikira kunsi kwa denga uyenera kukhala wowongoka mbali zonse ziwiri. Ngati wapindika kapena wagwa penapake, pansi pake pali thabwa lofooka. Kenako yang'anani khoma lenilenilo. Mizere yakuda yotsika kuchokera pamwamba, pulasitala wofufuma kapena penti yosupuka zikukuuzani kumene madzi amadutsa, komanso mbali imene mvula imakonda kuwombera panyumba panupo. Musadalire zoti mphepo ya kuno imachokera kum'mawa. M'chilimwe zimakhaladi choncho nthawi zambiri, koma mphepo ya mvula ya mabingu imatha kuchokera mbali iliyonse.

Mukatero kwerani makwerero ndi sikuludiraiva m'manja. Bayani kumapeto kwa thabwa lililonse lopingasa, aja malata amakhomedwapo, amene amisiri amati ma purlin. Ikalowa mosavuta, thabwalo lawola kapena lafumbwa. Gwirani m'mphepete mwa lata lomaliza n'kulitukula ndi dzanja. Likakwera mpaka kulowa zala ziwiri, misomali yake yasiya kugwira. Pomaliza lowani m'siling'i masana dzuwa lili pamutu, muzimitse tochi, muyang'ane ku gebulo. Paliponse pamene pakuoneka kuwala, mvula ya mphepo imalowanso pomwepo. Onaninso ngati pali timisewu tadothi ta chiswe tokwera khoma.

Kwa amalume anga ku Mufakose chipinda cha ana chinkanyowa pakona chaka ndi chaka. Anali atamata phula pa msomali uliwonse wa pamwamba pa chipindacho, koma osasintha. Mmisiri wina wachikulire atakwera sanataye nthawi ndi pamwamba, anangosuzumira m'mbali n'kuitana: "Bambo, tabwerani mudzaone nokha. Denga lanuli silikudontha ayi, madzi akulowera m'nthiti." Pakati pa asibesito ndi khoma panali mng'alu wolowa chala, m'kati mwake muli udzu wa chisa cha mpheta, ndipo thabwa lomaliza linali lakuda bii, lofewa moti chikhadabo chimalowa. Madzi ankalowa pamenepo, n'kuyenda ndi thabwalo, n'kukagwera mita yathunthu m'kati mwa chipinda. Pamene pakudonthera si pamene madzi akulowera nthawi zonse, n'chifukwa chake kuyang'ana koyambaku sikofunika kuthamangira.

Yezani, kenako mukagule

Musayeze pansi n'kumaganiza kuti mwapeza utali, chifukwa mbali yotsetsereka imatalika kuposa mtunda wa pansi pake. Mangani chingwe pansonga, muchikoke mpaka kumapeto kwa denga kunsi, ndiye muyeze chingwecho. Mwachitsanzo, nyumba ya mamita 7 m'lifupi, imene nsonga yake yakwera mamita 1.1 ndipo denga lapitirira khoma ndi theka la mita kunsi, mbali imodzi imakhala pafupifupi mamita 4.2. Nyumba ya magebulo awiri ili ndi mbali zinayi zotere, ndiye kuti mamita 16.8. Onjezani mamilimita 150 pa malo alionse olumikiza lata ndi linzake, komanso kena kapadera ka zodulidwa.

Pa denga la malata mufunika zinthu izi: barge board, kaya ya thabwa, ya simenti yosakaniza ndi ulusi, kapena ya pulasitiki, lata lopinda ngati L lophimba m'mphepete, lotchedwa barge flashing, thabwa la mamilimita 38 x 76 kapena 38 x 114 lokhomerapo, la 50 x 76 lolowa m'malo mwa ma purlin owola, waya wa mamilimita 4 wokutidwa ndi galata (chitsulo choteteza ku dzimbiri) kapena lamba wachitsulo wotchedwa hoop iron, masikuluwu a malata okhala ndi mawashala a labala, mankhwala a matabwa ndi penti. Masikuluwu asankheni poona mtundu wa lata. Msana wa malata a IBR, aja a mizere ya makona, ndi wautali, pafupifupi mamilimita 37, choncho pamafunika sikuluwu ya mamilimita 90 kuti ilowe bwino m'thabwa. Pa malata a mizere wamba, sikuluwu ya mamilimita 65 imakwana.

Ku Siyaso ku Mbare kuli amisiri opinda malata pa muyezo umene mwawapatsa, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri pamene denga lanu silili pa miyezo ya m'sitolo. Koma gwirani latalo ndi manja anu musanalipire. La m'mphepete lisachepere mamilimita 0.4 kukhuthala kwake, ndipo ine ndimakonda 0.5, chifukwa ndi limene limalimbana ndi mphepo kuposa onse. Lopyapyala limang'ambikira pa sikuluwu. Matabwa ambiri a paini amene timagula amachokera ku mapiri a kum'mawa, ku Nyanga ndi Chimanimani, ndipo ena amafika akadali aawisi. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo likauma padzuwa la Okutobala limapindika n'kukoka misomali. Sankhani louma, lowongoka, lopanda mfundo zazikulu m'mphepete. Lobiriwira lija lothiridwa kale mankhwala ndi labwino koposa.

Za chitetezo chanu

Mutu umodzi susenza denga: pakhale wina wogwira makwerero ndi wokupatsirani zipangizo. Makwerero apendekeke moti pa mamita 4 alionse okwera, miyendo yake italikire khoma ndi mita imodzi, ndipo muwamangirire pamwamba. Ngati gebulo ndi yaitali, pangani nsanja yolimba, chifukwa thabwa la mamita 4 silikhomeka munthu ataima pa makwerero amodzi. Yambani mwaona ngati mulibe mavu pansi pa malata.

Nyumba zambiri za m'makomboni waya wa magetsi wochokera pa pholo amafikira pa gebulo penipeni. Kuzimitsa switchi ya m'nyumba sikuzimitsa waya ameneyu. Ngati ntchito yanu ikufika pafupi naye, pitani ku ZESA, kampani ya magetsi, akakuthandizeni kaye, ndipo musanyamule lata lalitali pafupi ndi waya wamoyo. Poyenda pamwamba pondani pa mzere wa misomali, pamene pali thabwa pansi. Mitambo yakuda ikayamba kusonkhana, tsikani.

Konzani mafupa kaye

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumpha chifukwa sipaoneka ntchito ikatha. Barge board yokongola yokhomedwa pa matabwa owola imangobisa matenda.

Masulani masikuluwu kapena zulani misomali ya lata lomaliza, mulitukule kapena mulichotse kuti muone bwino. Purlin iliyonse yowola iduleni mpaka mutafika pa thabwa lolimba, loyera m'kati. Chidutswa chatsopano musachilumikize mutu ndi mutu m'malere. Chigonekeni m'mbali mwa chakalecho, chibwerere m'kati mpaka chidutse pa truss (chimango cha matabwa cha makona atatu chonyamula denga) yoyamba ya m'kati mwa khoma, kuti chitsamire malo awiri: pa truss ndi pa khoma la gebulo. Chimangeni ndi mabawuti awiri kapena atatu, kapena misomali yaitali yokhoma mbali zonse. Kumene mwadula pakani mankhwala mowolowa manja, chifukwa mutu wa thabwa ndi umene umamwa madzi kuposa m'mbali mwake. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto. Sindimalimbikitsa zimenezo: amadetsa khoma, penti sigwira pamwamba pake, ndipo chiswe sachiletsa kwa nthawi yaitali.

Kodi denga lipitirire khoma motalika bwanji? Mamilimita 300 ndi muyezo wabwino pa nyumba wamba. Amateteza pamwamba pa khoma, koma osapatsa mphepo malo aakulu ogwira. Mukafuna mthunzi wokulirapo n'kupitirira 450 pa matabwa a 50 x 76, pafunika zochirikiza zina, apo ayi m'mphepetemo mudzagwa pakapita zaka. Ngati nyumba ili pafupi ndi malire a puloti, onetsetsani kuti denga silikulowa kwa aneba, ndipo ngati mukusintha maonekedwe a denga lonse funsani kaye ku ofesi ya khonsolo ya kwanuko za mapulani.

Tsopano mangani denga ku khoma. Denga la malata ndi lopepuka, kulemera kwake kokha sikungaligwire, n'chifukwa chake anthu amasanja miyala. Koma mwala ukagwa ndi mphepo umagwera munthu, komanso umasunga zinyalala ndi chinyezi zimene zimabweretsa dzimbiri. Chofunika ndi waya kapena hoop iron wogwira khoma mozama pafupifupi mamilimita 600, imene ili mizere ya njerwa ngati 7. Pa nyumba imene ikumangidwa, amaikiratu pomanga. Pa nyumba yakale boolani khoma pa mzere wa simenti mamilimita 600 kuchokera pamwamba, lowetsani waya wopinda pawiri, mumukweze mbali zonse ziwiri za khoma, mumuzungulize pa purlin, ndiye mumupotokole ndi chitsulo mpaka alimbe gwa. Gobani kanjira m'pulasitala kuti waya abisike, mudzamate pambuyo pake. Chitani zimenezi pa purlin iliyonse imene yadutsa pa gebulo, osati pa ziwiri zokha, ndipo muonenso kuti truss yoyandikana ndi khoma yamangidwa bwino kunsi. Ngati njerwa za pansonga zikugwedezeka mukazikankha, zigumuleni mumangenso, chifukwa kumangirira denga pa njerwa zogwedera n'kungopatsa mphepo katundu wowonjezera woti iponye.

Mukamaliza, kokani chingwe kuchokera ku purlin ya pansonga mpaka ya kunsi, mulembe mzere, mudule mitu yonse kuti ifanane. Kenako pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi ya chaka chimodzi. Msomali wokhomedwa pamutu pa thabwa, motsatira mitsempha yake, sugwira. Dzuwa ndi mvula zikasinthana kangapo umazuka ndi dzanja. Choncho musakhome barge board pa mitu ya ma purlin mwachindunji. Khomani kaye thabwa la 38 x 76 kunsi kwa mituyo, lotsika motsatira denga kuchokera pansonga, misomali kapena masikuluwu akulowa m'mimba mwa purlin iliyonse. Barge board idzagwira pa thabwa limeneli, ndipo mitu yonse idzakhala yomangika pamodzi.

Tsekani mpata wa pamutu pa khoma

Pakati pa ma purlin, khoma likwere mpaka pansi pa malata. Amisiri amati beam filling. Dulani njerwa motsatira kutsetsereka kwa denga, mumange ndi matope a simenti, koma thabwa lililonse mulikulunge ndi pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi, yotchedwa DPC, pamene likukhudza khoma. Simenti yaiwisi isagundane ndi lata, chifukwa imadya galata ndipo dzimbiri limayambira pansi pamene simukuona. Ikani kachidutswa ka pulasitiki yomweyo pakati pake.

Musatseke mpaka denga kusowa popumira. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, nthunzi ya m'nyumba imasanduka madontho pansi pa malata, ndipo ngati mpweya suyenda madonthowo amagwera pa siling'i. Njerwa ziwiri za mabowo pa gebulo iliyonse, zotchingidwa ndi sefa wa waya kumbuyo kwake, zimalola mpweya koma osalola mileme.

Khomani barge board

Ngati ndi ya thabwa, ipakeni penti yoyamba mbali zonse isanakwere: kutsogolo, kumbuyo, m'mphepete ndi mitu yodulidwa. Kumbuyo ndi kumene kumaiwalika, ndipo ndi kumene kuwola kumayambira. Yambani kukhoma kuchokera kunsi mukukwera. Pamwamba pake pafanane ndi msana wa lata, ndipo kunsi kwake kutsike mamilimita 20 kapena 25 kupyola thabwa la kumbuyo, kuti madzi azidontha pansi m'malo mobwerera ku khoma. Pa malo alionse ikani masikuluwu awiri, ina m'mwamba ina m'munsi, kuti thabwa lisapindike. Polumikiza matabwa awiri, dulani mitu mopendeketsa kuti la kumtunda liphimbe la kumunsi, ndipo mfundoyo igwere pamene kumbuyo kuli chogwira.

Ya simenti ya ulusi nthawi zambiri imabwera yopinda kale ngati L, mbali yaikulu ya mamilimita 200 ndi yaing'ono ya 80 yogona pamwamba pa denga. Iyi siwola ndipo chiswe sichiidya, koma imasweka mukaikhoma msomali popanda kuboola. Boolani kaye, bowo likule pang'ono kuposa sikuluwu, ndipo litalikire m'mphepete. Ya pulasitiki imafutukuka ndi kutentha, choncho siyani kampata pa mfundo iliyonse ndipo musamange masikuluwu mopyola.

Phimbani ndi lata lopinda

Bwezerani lata lomaliza m'malo mwake. Pakati pa denga anthu amatha kudumpha msana umodzi pokhoma, koma pa lata la m'mphepete ikani sikuluwu pa msana uliwonse, pa purlin iliyonse. Sikuluwu ilowe pa msana, osati m'ngalande mmene madzi amayenda, ndipo muimange mpaka labala agwire bwino popanda kuphwanyika. Ngati lata linadulidwa m'litali n'kuthera m'ngalande, pindirani m'mphepete mwakemo m'mwamba mamilimita 25 kapena 30 ndi pulayala, kuti madzi asatayikire m'mbali pansi pa chophimba.

Barge flashing igone pamwamba pa denga mpaka iphimbe msana umodzi wathunthu wa IBR, kapena misana iwiri ya malata a mizere wamba, ndipo mbali inayo itsike pa nkhope ya barge board. Yambirani kunsi. Chidutswa chilichonse cha kumtunda chikhale pamwamba pa cha kumunsi ndi mamilimita 150. Mukasemphanitsa, mfundo iliyonse imasanduka kamwa lomwera madzi. Pamwamba mangani pa msana wa lata pa purlin iliyonse, ndipo ngati ma purlin atalikirana onjezani timasikuluwu tatifupi kapena ma rivet pakati kuti mpata usapitirire mamilimita 500. M'mbali mangani ku barge board pa mtunda womwewo. Mphepete ya kunsi ya flashing ikhale yopindira kunja pang'ono kuti madzi azidumpha thabwa.

Dulani ndi sizasi ya malata. Girayinda imafulumira, koma imaotcha galata ndi penti m'mbali mwa podulapo, ndipo tizitsulo totentha timene imamwaza timakakamira pa denga n'kuchita dzimbiri mvula yoyamba ikangogwa. Ngakhale tizitsulo ta poboola tisesedwe tsiku lomwelo.

Pansonga, ma barge board awiri akumane modulidwa mwaukhondo, ma flashing awiri apitirirane, ndipo lata la pansonga likhale pamwamba pa zonsezo. Kumapeto kwa lata la pansongalo kumatsala kabowo ka makona atatu. Dulani kachidutswa ka lata mukatseke, kapena chekani mapeto a latalo n'kuwapindira pansi, chifukwa pamenepo ndi pakhomo pa mpheta. Kunsi, barge board iphimbe mutu wa fascia board, thabwa lopingasa lophimba m'mphepete mwa denga kunsiko, ndipo ngati pali gatala, ngalande yolandira madzi a padenga, mapeto ake afike pansi pa kona kuti madzi otsika ndi flashing agwere m'kati mwake, osati pa khoma.

Ngati denga ndi la asibesito

Nyumba zambiri zakale za kuno zinafoleredwa ndi malata amenewa, opangidwa ndi simenti ndi asibesito wa ku migodi ya Zvishavane ndi Mashava. Akakhala athunthu osasokonezedwa, amangokhala. Choopsa ndi fumbi lake, limene likalowa m'mapapo limabweretsa matenda oopsa patapita zaka zambiri. Choncho musawadule ndi girayinda, musawapale ndi bulashi ya waya, musasese fumbi lake louma. Ngati n'kofunika kuboola kapena kudula pang'ono, nyowetsani malowo, gwiritsani ntchito sowo ya manja kapena choboolera choyenda pang'onopang'ono, valani masiki yogwira bwino kumaso, ndipo ana akhale kutali. Zidutswa ndi matope ake muziike m'thumba la pulasitiki zikadali zonyowa.

Malata akalewa amasweka mosachenjeza, ndiye musapondepo mwachindunji. Yalani thabwa lalikulu lodutsa ma purlin angapo. Simenti yong'aluka ya m'mphepete ichotseni mofatsa itanyowa. Kumatanso simenti yatsopano kumathandiza kwa zaka zochepa chabe, chifukwa denga ndi khoma sizifutukuka mofanana ndipo mng'alu umabwerera. Chokhalitsa ndi chophimba cha L chogona pamwamba pa msana woyamba n'kutsikira pa khoma, chomangidwa ku matabwa. Pa nyumba zogundizana ziwiriziwiri, gebulo yanu ndi imodzi koma denga ndi limodzi ndi la aneba. Kambiranani nawo kuti mbali yawonso ikonzedwe, popeza mphepo ikasasula kwawo siima pa khoma lapakati.

Matailosi, ndi khoma lopitirira denga

Denga la matailosi a simenti ndi lolemera, koma tailosi la m'mphepete limatha kutukulidwa lokha. Lililonse la mu mzere womaliza likhomedwe msomali kapena ligwidwe ndi kachitsulo kake. Pulasitiki ya pansi pa matailosi idutse pamwamba pa khoma mpaka kumapeto kwa timatabwa ta 38 x 38, ndipo barge board ya L kapena matailosi apadera a m'mphepete aphimbe pamwamba. Ngati mumata ndi simenti, muyezo ukhale umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga, ndipo muziyang'ana ming'alu chaka chilichonse.

Nyumba zatsopano zambiri masiku ano khoma la gebulo limakwera kupitirira malata kuti denga libisike. Pamenepo mphepo sipeza pogwira, koma madzi ndiwo amavuta. Pamafunika lata lopinda logona pa denga n'kukwera khoma mamilimita 150, ndi lina lolowa mu mzere wogobedwa m'khoma n'kuphimba loyambalo. Kungomata simenti kapena phula pa kona sikukhalitsa. Pamutu pa khomalo papendekere ku denga ndipo paphimbidwe, apo ayi madzi amalowa m'njerwa kuchokera pamwamba.

Yesani ndi madzi

Musadikire mvula kuti ikuuzeni. Wina alowe m'siling'i ndi tochi, inu muthire madzi ndi paipi kapena ndowa, kuyambira kunsi mukukwera pang'onopang'ono, mukuwaza cham'mbali monga imachitira mvula ya mphepo. Mukayambira pamwamba simudziwa mfundo imene ikulowetsa. Pamene padontha, masulani muone ngati malata asanjikizana molondola, musangothamangira silikoni.

Mvula yoyamba yamphamvu ikadutsa, zungulirani nyumba muone khoma la gebulo ndi kona za siling'i. Seputembala aliyense kwerani mumange masikuluwu amene amasuka, musinthe mawashala ouma ndi dzuwa, mupake penti pamene yasupuka, ndipo mudule nthambi za mango kapena mapeyala zimene zikukhuza m'mphepete. Dishi ya TV, chitsulo cha sola kapena chingwe choyanikira zovala zisamangiriridwe pa barge board. Zimenezo zimangidwe pa khoma ndi mabawuti akeake, chifukwa mphepo ikamagwedeza dishi imamasula masikuluwu a thabwalo imodziimodzi.